Mawondo Sanalowe

Dziwe la kumunsi kwa mudzi wathu, kumalire ndi tiyi wa esiteti, silinali la mpingo uliwonse. Chaka chilichonse mvula ikatha, anthu ankapita ndi makasu kukachotsamo mchenga: a Katolika, a Sabata a cha ku Makwasa, ngakhale akachasu. Amayi ankachapirapo, ife a Baputisiti n'kumabatizirapo. Kenako kunabwera mjigo, ndipo anthu anaphunzira kufunsa kaye ngati ntchitoyo ili ndi alawansi. Dziwe linasanduka chithaphwi.

Agogo, amene anandilera makolo atamwalira, anapemphera nafe zaka zambiri osamizidwa. Anawazidwa madzi pamphumi ali khanda ku mpingo wina, ndipo ankati zinakwana. Koma chifuwa chitawakanirira chilimwe china, anasintha maganizo.

"Dikirani mvula, mayi," anatero abusa. "Madzi akulekeza m'akakolo."

"Imfa mwaiuza kuti nayonso idikire?"

Lamulungu abusa analengeza kuti abambo akakumbe dziwe Lachitatu. Tchalitchi chonse chinati ameni. Lachitatu kunabwera amayi atatu a kwaya, ine, ndi bambo wina wakachasu amene anati akufuna adzaone machimo a agogo akuyandama. Madikoni anatumiza uthenga pafoni kuti ali nafe m'mapemphero.

Tinakumba mpaka Lachisanu, tinatchinga kumunsi ndi matumba a feteleza odzaza mchenga. Madzi anafika m'ntchafu.

Tsiku la ubatizo mudzi wonse unapezeka, pakuti kuonerera sikufuna khasu. Dikoni wamkulu anaima pamwala kuti nsapato zisanyowe. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti munthu wamira yense. Abusa anawagoneka agogo chagada. Mutu unalowa, mimba inalowa, koma mawondo, amene anauma ndi kuthyola tiyi m'zitunda, anatsala pamwamba ngati miyala iwiri.

"Mawondo sanalowe!" anakuwa dikoni.

Agogo anadzuka, analavula madzi. "Mawondowo si anganso, bambo. Anatenga a esiteti kalekale. Kumwamba akawafuna akafunse kwa akapitawo."

"Ubatizo ndi thupi lonse, mayi."

"Mukanabwera ndi khasu Lachitatu, bwenzi atalowa."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Koma ine ndinkawadziwa agogo. Ndinaona mmene anayang'anira mawondo awo, kenako abusa. Ankakhulupirira ndithu kuti dikoniyo akunena zoona, ndipo mvula inali kutali.

Ndinali nditamaliza kale sekondale, koma pampingo panalibe amene anandimvapo ndikulankhula. Sindinalankhulenso tsikulo. Ndinamanga chitenje, ndinalowa m'madzi, ndipo abusa atawagonekanso, ndinawakhalira pamawondo. China chinalira kuti gwa. Madzi anatseka paliponse.

Dikoni anasuzumira, anazungulira pamwala wake, koma sanaone bondo.

Agogo anavuuka matope ali m'makutu, akupuma movutika, anandigwira paphewa kuti aime.

"Mwana iwe," anatero, "kuonda konseku, ukulemera chonchi ndi chiyani?"