Mlandu Unagwera Singano

A Grey Kachiza amadziwika ndi zinthu ziwiri kudera la Santhe: choko ndi fodya. M'mawa amaphunzitsa sayansi pasekondale yoyendera, masana amavula tayi n'kulowa m'chigafa kuseri kwa nyumba yawo. Palibe amaonapo chachilendo. Malipiro a mphunzitsi amatha mwezi usanafike pakati, pomwe nthaka ya kuno siikana fodya.

Koma chimene amanyadira kwambiri ndi kalabu ya zopangapanga. Nzeruyi anakaitenga kumaphunziro ku Lilongwe, komwe anabwerako ndi tisheti, chikwama, ndi chiphunzitso chimodzi: musathamangire yankho, yambani mwalidziwa vuto. Chaka chilichonse amagawa ana a Fomu 3 m'magulu kuti akafufuze vuto loti alipangire chipangizo, ndipo gulu lochita bwino amapita nalo kumpikisano kuboma.

Chaka choyamba sizinayende. Ana ankafika pakhomo, kugwada mwaulemu, n'kufunsa kuti, "Kuno kuli zovuta zanji?" Eni khomo ankadzidzimuka: "Watisiya ndani?" Gulu lina analilozera njira ya kumaliro, ndipo poti pasiwa sufika n'kutembenuka, linakhala komweko mpaka kuika. A Kachiza anasintha kafunsidwe. Yambani mwaona ndi maso, anatero, kenako funsani kuti chifukwa chiyani, akakuyankhani mufunsenso, mpaka mufike pamuzu.

Chaka chatha gulu la Feliya, mtsikana wosataya mawu, silinapite kumudzi kulikonse. Linangokhala kumbuyo m'kalasi n'kuona kuti fodya akayamba kuthyoledwa, ana ambiri amawodzera m'mawa. A Kachiza anakondwa. Analiitanira gululo pansi pa mtengo wa mango kuti magulu ena aonereko.

"Amawodzera chifukwa chiyani?"

"Amalawirira kwambiri, aphunzitsi," anayankha Feliya.

"Chifukwa?"

"Amayamba akasoka fodya paganyu, kenako kusukulu."

"Kufufuzatu ndi kumeneko. Inu a gulu la mijigo mukumva? Nanga osasoka masana bwanji?"

"Eni chigafa amakana. Akuti fodya wothyola dzulo asachedwe pansi, angawonongeke."

"Eni chigafa ake ati?"

Feliya anayang'ana mnzake Sunganani. Sunganani anayang'ana manja ake, akuda ndi utomoni wa fodya. A Kachiza ankawadziwa bwino manjawo. Ankawadutsa m'mawa uliwonse popita kukasamba, ali yakaliyakali ndi singano kuseri kwa nyumba yawo.

Lamulo la mpikisano linali loti gulu likanene vuto lake pamaso pa oweruza, litchulenso komwe linaliona. Kutsogolo kukakhala ahedi ndi akuluakulu a zamaphunziro, ndipo dzina lokamveka kumeneko likanakhala la yemweyo wobwera ndi anawo. A Kachiza anakonza tayi, ngakhale inali yokonzeka kale.

"Mwayesetsa," anatero, "koma mwalumpha funso. Munthu mungamupangire chipangizo? Vuto labwino ndi loti waya ndi thabwa zingalithetse. Tabwererani pang'ono. Kusokako kumachedwa chifukwa chiyani?"

"Fodyayo ndi wambiri, aphunzitsi," anatero Sunganani.

"Fodya sachuluka, iwe. Ganiza ngati wasayansi. M'manja mwako umagwira chiyani?"

"Singano."

"Zingati?"

"Imodzi."

"Ndiye ukudabwa chiyani?"

Feliya anangolemba mawu oti singano m'kope mwake. Nayenso kuboma anali asanapiteko ndi galimoto yasukulu.

Choncho mlandu unagwera singano. Gululo linakhoma thabwa, n'kuimikapo masipoko a njinga onola bwino, lililonse ndi chingwe chake, kuti munthu azibaya masamba ndi manja onse awiri osagwira singano. Chipangizo chimafunika kuchiyesa, ndipo mwamwayi chigafa chapafupi ndi sukulu chinali cha aphunzitsi, omwe anachipereka mosanyinyirika. Anachiyesa bwinobwino, nyengo yonse.

Kuboma anatenga nambala yachiwiri. Oweruza anati thabwalo n'lokhotakhota, koma sanaonepo gulu lodziwa vuto lake momveka chonchi, ndipo anapempha a Kachiza aimirire kuti anthu awaombere m'manja. Anaimirira modzichepetsa.

Pobwerera, galimoto ikudumpha m'mabampu, Feliya anasendera pafupi.

"Aphunzitsi, ndiye kuwodzera kuja kutha?"

"Limenelo ndi funso labwino. Ulisungire a Fomu 3 a chaka chamawa."

Chaka chino nazale ya a Kachiza kudambo yakula, ndipo kuseri kwa nyumba kwaima chigafa chachiwiri. Sunganani, yemwe tsopano ali Fomu 4, amamaliza kusoka msanga kwambiri, moti nthawi imatsalako yoti apachikenso fodyayo pamikangala, mitengo yoyanikapo ya m'chigafa, belu lisanalire. M'kalasi amakhala pafupi ndi khoma, pomwe pali potsamira mutu.