Nyemba Zimene Amalume Anatentha

Ndinali ndi zaka khumi, kwathu ku Milepa, chaka chimene amalume anatizulitsa nyemba. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwira.

Abambo anali atamwalira. Amayi anatsala ndi ife ana ndi kamunda kamodzi, ndipo pakati pa chimanga ankadzalamo nyemba ndi nandolo. Feteleza tikanamutenga kuti? Khwanya ndi nyembazo ndi zimene zinkatiolotsa miyezi ya njala.

Amalume, mwinimbumba wathu, ankalima matimati m'dimba loyandikana ndi munda wathu. Chaka chimenecho matimati awo anafota, mizu itatupa mfundomfundo. Tsiku lina anazula nyemba imodzi m'munda mwathu, naona timibulu m'mizu.

"Eee! Ndiye matendawa akuchokera muno! Zulani zonse."

"Achimwene, nyemba zimakhala choncho," anatero amayi atagwada. "Pamene pali timibuluti mpamene chimanga chimabiriwira."

"Alongo, ulimi mwauyamba liti?"

Ine ndinakana kuzula. Amalume anathyola nthambi ya nandolo yemweyo nkundikwapula nayo m'miyendo. Tinazula tsiku lonse, ine ndikulira, manja akununkha dothi lonyowa. Zitauma anazitentha. Chaka chimenecho tinadya mgaiwa ndi mchere, ndipo chotsatiracho chimanga chinachita chikasu ngati chodwala. Amayi anayamba kuyenda maganyu mpaka ku Namitambo, mng'ono wanga nkupita kukakhala kwa achibale. Mng'ono wangayo sanabwererenso kudzakhala nafe.

Nditafika ku sekondale, aphunzitsi a zaulimi anatibweretsera muzu wa nyemba. Anati mizuyo imatulutsa timadzi toitana tizilombo tabwino ta m'nthaka, tosaoneka ndi maso. Tizilomboto tikabwera, muzu umatimangira timibulu tokhalamo, ndipo timasandutsa mpweya kukhala chakudya cha mbewu. Anang'amba kamodzi, m'kati muli psuu! Anatinso za matimati nzina: kumeneko ndi tinyongolotsi timene timatupitsa muzu weniweniwo, pomwe timibulu ta nyemba timangothothoka ndi chikhadabo.

Pa holide ndinapita nawo muzu wa nyemba kwa amalume, nkuwafotokozera zonse. Anaupenda, nauponya pansi.

"Nanga amako osangonena bwanji?"

Osangonena! Anthuni, amayi ananena, atagwada, ine ndili pomwepo! Kusadziwa ndikanakhululuka, pakuti tonse timaphunzira. Koma ndazindikira tsopano kuti amalume sanasowe wowauza. Anamva bwinobwino, kungoti wonenayo anali mlongo wawo.