Mafoni Awiri ku Kota ya Imelda

Imelda Mbewe anabadwira ku Katete, ndipo sukulu anaisiyira giredi teni atatenga pakati. Mwini mimbayo, kondakitala wa minibasi za ku Chelstone, kumene Imelda ankakhala ndi azakhali ake, anazimiririka mwana asanabadwe. Mwanayo, Abby, ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, Imelda anapeza ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa ba Vivian.

"Kota ni yako," anatero ba Vivian tsiku loyamba, "koma pa yadi panga sinifuna mwamuna olo mwana."

Imelda anavomera. Lamlungu, eni nyumba ali ku tchalitchi, analowetsa Abby m'basiketi ya zochapa. Mlonda, ba Amock, anayang'ana kumbali.

Kotayo, kanyumba ka wantchito, inali kuseri, pafupi ndi mpanda. Tsiku lonse ankangothamangirako, mwina atanyamula zoyanika, mwina zinyalala.

Kenako amuna a ba Vivian anadandaula kuti waifai sikufika pakhonde lakumbuyo. Kunabwera ba Reuben, katswiri wa zimenezi, nakoka waya kuchokera pa rauta ya pabalaza, kabokosi kofalitsa waifai, n'kukhoma rauta yachiwiri kunja kwa khitchini. Netiweki inafika mpaka ku kota. Pasiwedi inali pakapepala pa firiji. Imelda analumikiza foni yake ndi ina yakale yosweka galasi. M'mawa ankaimbitsana mafoniwo pa vidiyo, n'kutsamiritsa yakaleyo pachitini pafupi ndi mwana, inayo n'kumayenda nayo. Masabata atatu anakolopa akumva mwana wake akupuma m'thumba la epuloni.

Ba Vivian ataona kuti intaneti ikuchedwa, anaitananso ba Reuben. Iwo anatsegula laputopu.

"Madamu, pali mafoni awili amene si anu. Onse ali pa rauta yakumbuyo, kuseni mpaka madzulo."

"Awili? Iwe Imelda, bwela kuno. Wabisa mwamuna ku kota?"

"Iyayi, madamu."

"Tiye tikamuone."

Anapeza Abby atakhala pamphasa, akuluma supuni. Ba Vivian anamunyamula n'kumuvinitsa m'manja.

"Aa, kabwino aka! Kali na atate ake?" Anaseka okha. "Usalile, iwe, sinikuchosa nchito. Ukolopa bwino. Koma aka kayende kwa ambuye ake pa Chisanu. Ba Reuben, chinjani pasiwedi. Ba Amock nawo alonge, mlonda wamaso otseka sinimufuna."

"Madamu, akali kuyamwa," anatero Imelda.

"Ku Katete kulibe phala?"

Imelda anaganiza zongonyamula mwana n'kutuluka pageti. Koma kwa azakhali ku Chelstone ankagona anthu asanu ndi anayi m'zipinda ziwiri, ndipo anali atamuuza kale kuti asabwererenso. Lachisanu anapereka Abby kwa msuweni wake pa siteshoni ya mabasi m'tauni, kuti apite naye kwa agogo ake ku Katete. Mwanayo sanalire mpaka basi itayamba kuyenda.

Lolemba, akupukuta matebulo, mkaka unatuluka wokha n'kunyowetsa yunifomu mpaka m'mimba. Ba Vivian anaima pakhomo, namuyang'ana pachifuwa.

"Kachinje iyo. Alendo abwela manje-manje, uzanichitisa manyazi."