Chimbudzi chimene munakumba nokha

Achimwene a Lusiyano, dzulo ndinali ku chipatala ku Tete ndi mwana wanga Tomasi. Amatsegula m'mimba mwa magazi, kuleka n'kuyambiranso, ngati mmene munkachitira inu. Dotolo akuti si kamwazi. Akuti asilikali a m'thupi amatumizirana timauthenga, madotolo amati masitosina, touzana kuti mdani walowa. Mwa Tomasi timauthengato sitileka, ndiye asilikaliwo akungowotcha matumbo ake omwe, mdani palibe. Ndinangowerama, chifukwa ndinaona nkhope yanu.

Mukukumbuka titabwerera ku Chipera kuchokera ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo? Tinapeza mabwinja okhaokha, kuthengo kuli mabomba okwirira. Munandipempha kuti, "Ferenando, tiyambe takumba chimbudzi, denga pambuyo." Ndinakana, poti mvula inali pafupi. Tsiku lofolera munatsika padenga kanayi kukadzithandiza kuseri kwa chulu cha pambali pa njira, chifukwa kupitirira apo inali imfa. Kachisanu ndinakuwa pamaso pa akazi anu ndi anthu onse odzatithandiza: "Ulesi wa kukampu uwu, munazolowera kudikira ufa wogawa!" Mawa lake munatenga khasu n'kukumba nokha, mukupumira m'mphepete mwa dzenje. Ndinkakuonani, koma sindinabwere. Masika achiwiri simunawaone.

Nkhondo inatha kwa tonsefe, achimwene, koma m'mimba mwanu inali isanathe. Pepani. Lero Tomasi akangogwira pamimba, ndimasiya chilichonse n'kumuperekeza. Anthu amati ndine bambo wachifundo. Sadziwa kuti chifundochi chinali chanu, ndinakumanani.