Omasulira Makatuni a Loweruka

Ndinafika ku Mbamba Bay ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditasanza njira yonse kuchokera ku Nkhata Bay. Amayi anga ankachita malonda a zitenje, ndipo pa maulendo awo owoloka nyanja ndi pamene anapeza banja kutsidyako. Bambo anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono kwathu ku Nkhotakota, moti nkhope yawo sindinkaikumbukira. Komabe nditaona munthu amene anabwera kudzatichingamira padoko, wamtali, wa zikhadabo zakuda ndi oyilo, ndinatsimikiza mumtima kuti ameneyu sindidzamutchula kuti bambo.

Iwo anali fundi, kapena kuti mmisiri, wa mainjini a maboti. Chichewa chawo chinali chotola pamchenga kwa asodzi a kwathu, chosakaniza ndi Chiswahili komanso chiyankhulo cha kwawo, chimene chimamveka ngati chathu koma chimakhota pamene sukuyembekezera. Ankanditchula kuti mayi. "Mayi, mwadzuka bwanji?" Ine ndinkangogwedeza mutu. Amayi akandituma kukawaitana kuti adzadye, ndinkaima chapatali n'kumatsokomola mpaka acheuke.

Kusukulu zinali zoipirapo. Zonse ankaphunzitsa m'Chiswahili, ndipo ine ndinkangodziwa shikamoo, moni wopereka kwa akuluakulu. Ndinkakhala kumbuyo, kukopera za pa bolodi osadziwa chimene ndikulemba. Anzanga sankandizunza ayi. Anangotopa nane n'kundisiya.

Loweruka lina m'mawa bambo ondipezawo anaima pakhomo, chikwama cha masipanala chili m'manja.

"Mayi, tiyeni mukaone chinthu."

Ndinayang'ana amayi. Iwo anati, "Pita, usangokhala ndwii ngati chitsa."

Tinapita ku duka lina pafupi ndi msika. Mwini wake anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu, amene anali ndi dishi ya TV padenga ndi jenereta kuseri. Jeneretayo ankaikonza ndi bambowa. Loweruka lililonse m'mawa mayiyo ankaiyatsa kuti zakumwa zizizire mufiriji, ndipo ankatulutsa TV pakhumbi la kuseri kuti ana aonere, bola akhale atasamba m'mapazi. Tinapeza ana atadzaza pamphasa, ena atapachikika pamatumba a mchere. Bambowa anandikhazika pa kreti, iwo n'kugwada pa jenereta ngati ali ndi ntchito.

Kenako makatuniwo anayamba. Munali chombo cha m'mlengalenga chooneka ngati kampango, ndi ndevu zomwe, chikusambira pakati pa nyenyezi. Woyendetsa anali mtsikana wa tsitsi lobiriwira. Anali ndi mchimwene wake wamantha amene ankabisala pansi pa mpando chombocho chikagwedezeka, komanso loboti wa diso limodzi amene ankawaphikira. Kumbuyo kwawo kunkalondola mdani, mfumu ya mutu wosongoka, m'chombo chakuda chachikulu. Sindinali nditaonapo zoterezi. Ndinaiwala kuti ndinali nditakwiya.

Koma zonse zinali m'Chingelezi. Mnyamata wina anafunsa mokweza m'Chiswahili kuti akuti chiyani, ndipo palibe anayankha. Ana a kumeneko sankachimva Chingelezi, pamene ine kwathu ndinali nditatolako timawu tingapo kusukulu. Mtsikana wa tsitsi lobiriwira anali atagwada pa nthaka yong'aluka, akubwereza mawu amodzi amene ndinawazindikira.

"Akufuna madzi," ndinanong'ona ndekha.

Bambowa anamva. Anasiya sipanala, n'kuimirira, n'kulengeza m'Chiswahili kuti anthu awa akufunafuna madzi, kwawo kwauma. Mitu yonse inatembenukira kwa iwo. Iwo analoza ine.

"Kenako akuti chiyani, mayi?"

"Akuti... tiyeni."

"Apite kuti?"

Sindinadziwe. Ndinayang'ana chithunzi, ndinaona mtsikanayo akuloza kumwamba. "Ku nyenyezi yofiira ija."

Umu ndi mmene ntchito yathu inayambira. Loweruka lililonse ine ndinkakhala pa kreti, iwo n'kukhala chonjuta pambali panga, khutu lili pafupi ndi pakamwa panga. Ndikamva mawu amodzi, ena onse ndinkadzaza poona nkhope ndi manja a zidolezo. Ndinkanena m'Chichewa, iwo n'kuponya m'Chiswahili. Posakhalitsa ndinazindikira kuti mawu anga awiri akafika pakamwa pawo ankabereka ana. Ndikati, "Loboti akuti chakudya chapsa," iwo ankayankhula nthawi yaitali, ana n'kumagubuduzika ndi phwete. Tsiku lina pobwerera ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Inu, paja munati chiyani anthu ataseka?"

"Ndinati loboti akudandaula msana, ndipo akuti apongozi ake amamunena kuti sadziwa kuthira mchere."

"Koma loboti alibe apongozi!"

"Mwadziwa bwanji, mayi? Mwina anawasiya kumudzi."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Koma mawu amenewo, apongozi ndi mchere ndi msana, ndinawafunsa kuti m'Chiswahili amati chiyani, ndipo ndinafika kunyumba ndikuwabwereza.

Chimene iwo ankachikonda kwambiri chinali injini ya chombocho. Chikamanyamuka chinkatsokomola kaye n'kutulutsa utsi, ndipo fundi sankapirira. Ankapukusa mutu. "Mapulagi amenewo atha. Tsiku lina adzaima pakati pa nyenyezi, ndipo kumeneko kulibe nkhafi." Njira yonse yobwerera ankandifotokozera chimene akanachita akanawabweretsera chombocho pamchenga, ine n'kumatsutsa kuti mtsikanayo amachidziwa chombo chake kuposa munthu aliyense. Tinkakangana zenizeni mpaka pakhomo.

Mbiri inamveka, akuluakulu nawo anayamba kubwera. Asodzi ochokera panyanja ankaima kumbuyo, manja kumsana, kumanamizira kuti abwera kudzagula sopo. Mkulu wina wopanda mano akutsogolo sankamvetsa vuto la anthu a m'chombowo. Loweruka lililonse ankalozera kunyanja n'kunena kuti wina awauze abwere kuno ndi zidebe, atunge mpaka atope, asiye kuvutitsa mwana wamkazi. Amayi anga anabwerako kamodzi, atabwera kudzatikalipira chifukwa chinangwa chimene anaviika chinali kudikira wokavuula. Anaima pakhomo manja m'chiuno, koma nthawi yomweyo mfumu ya mutu wosongoka inali itagwira loboti uja n'kumuchotsa diso. "Mfiti iyi!" anakuwa amayi. Anakhala pathumba la mchere mpaka kumapeto. Kunyumba anati ndi zachibwana, ndipo sanabwererenso, ngakhale kuti madzulo a Loweruka ankafunsa chozungulira ngati wachitsulo uja anapeza diso lake.

Kusukulu ana anayamba kundisungira malo. Ankandifunsa za Loweruka likudzalo ngati kuti ine ndimadziwiratu, ndipo ndinkayankha ndi Chiswahili changa chothyokathyoka, chothandizidwa ndi manja.

Sabata ina uthenga unabwera kuti ku Liuli kuli boti limene injini yake yakana. Bambowa ananyamuka Lachisanu pa pikipiki, n'kundilonjeza kuti Loweruka m'mawa akhala atabwera. Loweruka linafika, iwo osaoneka. Ndinapita ndekha ku duka, ndikucheuka njira yonse. Nyimbo yoyambira italira, malo a pambali pa kreti anali opanda munthu, ndipo maso onse anali pa ine. Mayi wa duka anandigwira phewa n'kunena mawu amodzi amene ndinkawadziwa: "Sema." Ndiye kuti, yankhula.

Ndinayamba kumasulira. Chombo chatera. Kuli mphepo. Loboti akuopa. Palibe anaseka, ndipo pang'onopang'ono lilime linamasuka. Pamene mawu a Chiswahili andisowa, ndinkatenga a Chichewa n'kuwaveka malaya a Chiswahili, ndipo nthawi zambiri ankadutsa.

Kenako mtsikana wa tsitsi lobiriwira anakokera mchimwene wake pambali n'kumunong'oneza kanthu kukhutu. Ine ndinafuna kunena kuti wamuuza mchimwene wakeyo chinsinsi. Ndinatenga mawu athu oti kuuza, n'kunena molimba mtima kuti, "Amemuuza kaka yake."

Pakhumbi panabuka phokoso. Sindinkadziwa kuti m'Chiswahili kuuza ndi kugulitsa. Ndinali nditalengeza kuti mtsikana amene tonse tinkamukonda wagulitsa mchimwene wake. Ndipo ngati kuti zidolezo zinapangana nane, nthawi yomweyo mnyamata wamantha uja anatuluka yekha, mutu uli pansi, n'kukalowa m'chombo chakuda cha mdani. Chitseko chinatsekeka, gawo la tsikulo n'kuthera pomwepo.

Kamnyamata kena ka kutsogolo kanalira mokweza. Mkulu wopanda mano uja analavula pansi n'kuchoka akung'ung'udza. Atsikana awiri anatsala pang'ono kumenyana, wina akuti n'zosatheka, wina akuti iye anali atamuona kale kuti maso ake ndi achinyengo. Mayi wa duka yekha, amene ankamvako Chichewa chifukwa cha amalonda a kwathu, anali atatsamira firiji akupukuta misozi ndi kanga, chitenje cha kumeneko, akulephera kutulutsa mawu chifukwa cha kuseka. Ine ndinabwerera kunyumba ndikunyada kuti ndamasulira ndekha, ngakhale ndinadabwa kuti chinsinsi chokha chingakwiyitse anthu chonchi.

Bambowa anafika Lamulungu masana, titabwera kutchalitchi. Ana anali atawatchingira kale kumsewu n'kuwauza za tsokalo. Analowa m'bwalo fumbi lili m'nsidze, osatula n'chikwama chomwe.

"Mayi, n'zoona zimene ndamvazi? Wamugulitsa?"

"Ndani?"

"Mchimwene wake."

"Ayi! Anangomuuza zinazake kukhutu."

"Nanga inu munanena kuti chiyani?"

Ndinabwereza mawu aja mmene ndinawanenera. Iwo anandiyang'ana pakamwa pali yasa. Kenako chikwama chinagwa, masipanala n'kumwazika, iwo n'kukhala pansi padothi. Anaseka mpaka kutsokomola. Akati andifotokozere, amangofika pa "kuuza" n'kuyambiranso. Pamene ndinamvetsa chimene ndachita, nkhope inanditentha, misozi n'kulengeza.

"Bambo, musaseke! Mawa kusukulu andipha!"

Anasiya kuseka. Amayi, amene ankapeta mpunga pakhonde, anaimitsa lichero. Aka kanali koyamba kuti ndiwatchule kuti bambo. Bambo anangoyamba kutola masipanala awo mmodzimmodzi, akuwapukuta pa buluku nthawi yaitali kuposa mmene pankafunikira.

"Musaope, mayi," anatero. "Injini ikaphwanyika timakonza. Mawa akakufunsani, muziti dikirani Loweruka."

Sabata yonseyo ndinayankha zomwezo. Loweruka pakhumbi panadzaza kuposa kale, ena ataima padzuwa. Mwamwayi, gawo limenelo mnyamata wamantha anatsegula chitseko cha chombo chakuda ali mkati, mlongo wake n'kulowa, onse n'kuthawa ndi mapu a mdani. Bambo anaimirira ngati mlaliki. Anafotokoza kuti kugulitsa kuja kunali kochenjera, anapangana awiriwo, ndipo mfumu yopusayo inagula katundu amene anadzaibera m'nyumba. Anthu anaomba m'manja. Mtsikana amene ankanena za maso achinyengo uja anati iyenso ankadziwa kuti ndi pulani. Mayi wa duka anandipatsa mandazi awiri otentha, n'kunditsinira diso.

Kuyambira pamenepo tinkagawana. Ine ndinkayankhulira mtsikana ndi mchimwene wake molunjika m'Chiswahili, bambo n'kutenga loboti ndi mfumu, chifukwa mawu awo ankatha kutsika mpaka pansi. Ndikalakwitsa ankandigunda pang'ono ndi chigongono, ine n'kubweza.

Makatuniwo sanathe bwino. Loweruka lina mvula itayamba tinakhala pamphasa kudikira nyimbo ija, m'malo mwake panabwera anthu ochita masewera olimbitsa thupi. Tinayesanso sabata yotsatira, zomwezo. Bambo anakwera padenga kukatembenuza dishi, akuganiza kuti mphepo inaikhotetsa, koma chombo chathu sanachipeze. Sitinadziwe ngati anthu aja anafika kumene kuli madzi. Kwa masabata angapo ana ankabwera kwathu kudzafunsa, ndipo bambo ankawayankha kuti chombocho chili kwa fundi.

Chaka chomwecho amayi anabereka mwana wamwamuna, ndipo Loweruka langa linasanduka la kuchapa matewera kunyanja. Bambo ankabwera naye mwanayo m'manja n'kukhala pabwato logadabuzika, kumuopseza ndi mawu a mfumu ija mpaka aseke. Panopa ndi okalamba, manja amanjenjemera, ndipo mainjini anasiyira mchimwene wangayo, amene amakangana naye tsiku ndi tsiku. Ndikawaimbira foni amayamba m'Chichewa, n'kulowa m'Chiswahili, n'kuthera m'chiyankhulo cha kwawo osazindikira. Sabata yatha anandisunga pa foni nthawi yaitali, akudandaula kuti mnyamatayo amamanga mabawuti mothina kwambiri, ndipo ndibwere ndidzamulangize ine, popeza iwo sawamvera.