Ulusi wa Amayi pa Galimoto

Aneba athu okhoma zidebe amadana ndi chilichonse chotulukira kunja kwa galimoto. "Mphepo sumalimbana nayo, umangoipatsa njira," amatero akusisita dazi lawo. Kagalimoto kawo anakakuta ndi malata mpaka m'matayala, moti kamaoneka ngati sopo wokutha. Anthu amawaseka. Nanenso ndinkawaseka.

Amayi atayamba kudwala impso, ndinkapita nawo kuchipatala chakutali pafupipafupi, ndipo mafuta ankatithera panjira. Tsiku lina anebawo anatipeza tikukankha galimoto. M'mawa mwake anapempha ulusi wa amayi wolukira majuzi, n'kumata tizidutswa pagalimoto ponse.

"Yendetsa, mwanawe! Pomwe ulusi ukuvinapo, mphepo ikukukoka pomwepo, n'kumakuthera mafuta."

Anatulutsa mutu pawindo, maso ali paulusi. Chipewa chawo chinauluka, iwo osacheuka n'komwe. Titabwerako anachotsa kaliyala wapadenga, nakhoma lata losalala kunsi. Kuyambira pamenepo timapita n'kubwera osakankha.

Amayi anawalukira chipewa china, cha kampira pamwamba. Anebawo anachilandira ndi manja awiri, misozi ikulengeza. Kenako anatsitsa mawu.

"Mayi, tandibwerekani sizasi. Kampiraka kazigwira mphepo."