Pampu ya Njinga

Ndikagwira pampu ya njinga, ndimakumbukira ulendo wathu wa ku Mozambiki. Nkhondo itatha, ine, amayi ndi abambo tinanyamuka ku Chiringa panjinga kukaona mudzi umene tinathawa ine ndili kumsana. Tayala litaphwa m'njira, tinaima pamsika wina. Bambo wogulitsa chinangwa chouma anatilonjera mwansangala. Amayi anamuyang'anitsitsa, kenako anatsomphola pampu m'manja mwa abambo.

"Ndiwe unawadula khutu amuna anga!"

Anamumenya nayo pakamwa, dzino n'kugwera m'chinangwamo. Anamumenyabe mpaka pampu inapindika. Munthuyo sanathawe, anangogwada, magazi ali chuchuchu pamalaya. Abambo anasisita chipsera pomwe panali khutu lawo, n'kunena chapansipansi kuti, "Basi, amayi, mwawononga pampu. Nanga tibwerera bwanji kwathu?"